Pamene Mluzu wa Bambo Umatsika

Lamulungu, 15 Juni

Wokondedwa mlongo wanga Kakhutu,

Ndikulemba ndili pa tebulo lodyera. M'nyumba muno tilimo awiri, ine ndi bambo, koma iwo akuwodzera pa mpando wawo wa pakhomo ndipo sakudziwa kuti ndagwira cholembera.

Uli bwanji kumeneko, iwe, alamu anga ndi mwana? Chifuwa chija chinakusiya? Kuno tadzuka bwino. Bambo bondo lakumanzere likuwavutabe, mankhwala akumwa kawiri pa tsiku, ndipo sindiwalola kudumphitsa. Kushopu ntchito ikuyenda, mwezi uno ndasoka kale mayunifolomu 34.

Ndasankha kalata chifukwa pa foni umandidula mawu, ndipo ine ndikadulidwa ndimaiwala pamene ndinali.

Ukuikumbuka gemu ija ya mnyamata wonyamula nyali, imene unkasewera uli ndi zaka 15? Aipanganso. Inatuluka pa 31 Meyi, zithunzi zatsopano, nyimbo zokonzedwanso, nkhani yosinthidwa apa ndi apo. Mwina ukudziwa kale. Ndipo zimenezo ndi zimene ndikufuna kudziwa.

Khomo loyandikana ndi shopu yanga ndi la mkulu wokonza mafoni ndi ma TV, timangomuti Wamawaya. Chotilekanitsa ndi khoma la matabwa, moti akayetsemula ndimamva. Loweruka lililonse kumabwera anzake amene anakula ndi gemu ija, anthu akuluakulu, a mabanja awo.

Loweruka pa 7 Juni tinalipo asanu: Wamawaya, Aphunzitsi, Dalaivala, Anamwino, ndi ine. Ine ndinangolowa kukapereka buluku la Dalaivala limene ndinalikulitsa m'chiuno. Ndinapeza mkangano uli pakati.

Ankakangana za nyimbo ya kwawo kwa mnyamata uja, imene imalira gemu ikangoyamba. Aphunzitsi anali ndi pepala m'manja. Anati mu gemu yakale, ikakwana mphindi imodzi ndi masekondi 12, nyimbo imakwera. Mu yatsopano imatsika, kenako imaima pang'ono ngati munthu akupuma, ndiye n'kupitiriza. Ndipo pamenepo aika mluzu, pamene kale panali chitoliro.

Dalaivala anati imeneyo yapangidwa ndi makina, munthu wamagazi sangaphonye malo amenewo. Aphunzitsi anati ayi, achita dala kuti mawa adzatigulitse yokonza, ndi anthu okuthyola mwendo kuti akugulitse ndodo. Wamawaya anati Aphunzitsi amakayikira ndi chithunzithunzi chawo chomwe, sabata yatha ankati wawasinthira batire la foni. Aphunzitsi anati nkhani ya batire sinathe. Anamwino anangoti m'kampani imeneyo muli munthu wa chidani, ndipo sanawonjezere.

Kenako anaiyikanso kuti aimvetsetse. Ine ndinali nditagwada, mapini ali pakamwa, ndikuyeza mwendo wa buluku. Sindinadziwe kuti ndikuing'ung'udza. Nyimbo isanatsike, ine ndinali nditatsika kale, ndipo ndinapuma pamene imapuma.

Onse anacheukira kwa ine.

Wamawaya anandifunsa kuti Atelala mwaimva kuti. Ndinati pakhomapa, si mumaiyika tsiku lililonse. Anati sabata yonse sipika yake inali yakufa, ankamvera zam'makutu, ndipo waikonza m'mawa womwewo. Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira foni imene mwini wake akukana kuti sinagwere m'madzi. Ndinati ndasiya simbi ili pamoto, ndinatuluka.

Iwe ukudziwa kumene ndinaimva.

Chaka chimene ndinasiya sukulu, bambo anagwa pa makwerero akupenta nyumba ya eni, dzino lakutsogolo linachoka. Kuyambira pamenepo mluzu wawo sunkakwera. Iwe ukamasewera pabalaza, iwo amakhala kuseri akutsuka maburashi, akutsatira nyimbo ija. Ikafika pokwera, iwo ankatsika, n'kupuma. Unkakuwa kuti bambo imakwera pamenepo, iwo n'kuyankha kuti yako imakwera, yanga imatsika. Padziko lonse anthu odziwa kulakwa kumeneko ndife atatu.

Usiku wake sindinafune kukuganizira zoipa, koma m'mawa ndinatenga buku langa la miyezo n'kuyamba kulemba zimene ndikudziwa.

Pa 18 Novembala unandiuza kuti wapeza ntchito yaikulu imene sukuloledwa kuinena. Ife timadziwa kuti umakonza mawu a malonda a pa wailesi. Malonda a sopo sabisidwa.

Pa 3 Malichi unaimba foni, tinalankhula mphindi 11. Chakumapeto unandifunsa ngati bambo amaimbabe mluzu. Zaka 15 chichokere pakhomo pano, limenelo linali funso lako loyamba lokhudza iwo. Ndinasangalala, ndinaganiza kuti mtima wako wayamba kufewa. Tsopano sindikudziwa chimene unkafuna.

Pa 10 Juni ndinapempha Wamawaya andionetse mayina a anthu amene anaipanga, aja amayenda kumapeto. Ndinawerenga 412. A nyimbo alipo 9. Lako mulibe. Koma Anamwino akuti ena amagwira ntchito kudzera m'makampani ang'onoang'ono ndipo salembedwa. Wamawaya anandifunsa kuti ndikufuna dzina la ndani. Ndinati ndimangokonda kuwerenga. Anati mlongo wanu uja wakunja amagwira ntchito yanji kodi. Ndinati ya sopo.

Ikanakhala nyimbo yokha, bwenzi nditangoseka. Koma asinthanso nkhani.

Mu gemu yakale, bambo wa mnyamata uja amamupatsa nyali n'kumuperekeza mpaka pa mlatho. Mu yatsopano, Anamwino anandionetsa ndi maso anga. Mnyamata ali ndi buku limene wajambulamo njira zonse zimene wayenda. Bambo ake akulitenga, akuliponya pamoto, akutuluka panja osacheuka. Ndipo akutuluka akuimba mluzu uja, wotsika.

Anthu zawapweteka, Kakhutu. Dalaivala, munthu wa ana atatu, zamupweteka kuposa onse. Anati iye bambo ake sanawaone, ndipo bambo wa mu gemu uja ndi amene ankamuona ngati wake, tsopano amulanda. Pa intaneti kuli chikalata chodandaula kuti abwezeretse nyimbo ndi nkhani. Lachitatu pa 11 Juni, Aphunzitsi akundionetsa, anali atasayina anthu 8,316. Ena akulemba kuti wopanga zimenezi ndi munthu wosaleredwa. Ena akufufuza kuti woimba mluzu uja ndani. Anandiuza kuti ndisayine, ndinati manja ali ndi choko.

Tsopano imva pamene pali vuto. Loweruka likubwerali, pa 21 Juni, agwirizana kuti atulutse sipika panja, aike nyimbo yakale ndi yatsopano motsatizana, ajambule vidiyo ya madandaulo awo. Bambo Loweruka lililonse amakhala pa benchi ya pakati pa makomo athu awiri. Pa 7 anali kuchipatala ndi bondo. Pa 14 ndinawasiya kunyumba, ndinati benchi yathyoka. Anandifunsa ngati ndikubisa mwamuna kushopu. Kachitatu sindingathe.

Adzaumva mluzu wawo. Ndipo Aphunzitsi sasunga mawu, adzawafotokozera zonse za bambo woipa wowotcha buku.

Ndiye ndisanakufunse chilichonse, ndiyambe ine kunena zanga.

Pa 9 Ogasiti, zaka 19 zapitazo, iwe unali kusukulu. Ine ndinaweruka msanga kumene ndinkaphunzira kusoka, chifukwa makina anaduka lamba. Ndinapeza m'nyumba mulibe munthu. Miyezi yonse ija ndinkangoonera gemu yako ndili chiimire pakhomo la khitchini, mbale zili m'manja. Tsiku limenelo ndinafuna kuigwira kamodzi kokha.

Ndinayatsa. Panabwera mawu a Chingerezi ndi manambala. Manambala ndinkawadziwa: 71:40, maola amene unali utasewera. Mawu sindinkawadziwa. Ndinadina, inandifunsa funso, ndinadinanso. Inafunsanso kachiwiri, ine ndinaganiza kuti ikundifunsa ngati ndikufunadi kusewera. Manambala aja anasanduka 0:00.

Ndinazimitsa, ndinapita kukatsuka mbale zotsuka kale.

Utabwera unalira ngati wamenyedwa, unaponya mpando, unati amene wachita zimenezi sudzamulankhulanso mpaka imfa. Bambo analowa penti ili m'manja. Anandiyang'ana kamodzi. Kenako anati afufuta ndi iwo, uziwerenga mabuku. Anatuluka kukatsuka maburashi, ndipo anayamba mluzu. Iwe unaganiza kuti akukuseka. Ine ndinawatsatira kuseri. Burashi imodzi anaitsuka katatu.

Ndikudziwa kuti pakati pa iwe ndi iwo panabweranso zina, za sukulu, za ntchito ya nyimbo imene ankati si ntchito. Koma mng'alu unayambira pamenepo, ndipo anang'amba ndine. Ndinakhala chete tsiku limenelo chifukwa cha mantha. Mawa lake ndinakhala chete chifukwa cha manyazi. Kenako chete anangozolowera.

Ngati ndiwe unaika buku lija pamoto, dziwa kuti dzanja limene wajambula si la mwini mlandu.

Makina ako akale a gemu anali mu sutikesi pansi pa bedi la bambo, atakulungidwa m'ovololo yawo, kaseti ya gemu ili momwemo. Lolemba pa 9 Juni ndinapita nawo kwa Wamawaya kuti asinthe kabatire ka m'kaseti kamene kamasunga maola osewera. Anaitembenuza kawiri, anaona chilembo K chimene unachikanda kumbuyo ndi msomali. Kuyambira tsiku limenelo amazimitsa wailesi yake ndikamalankhula pa foni.

Ndayamba kuisewera. Ndikaweruka ndimakhala pabalaza kuyambira hafu pasiti faifi. Anamwino anandilembera mawu 20 pa pepala ndi matanthauzo ake, ndipo loyamba limene ndinawapempha ndi lija lofufuta. Sindine katswiri. Pali chule wina pa dambo loyamba amene wandipha ka 14. Koma ndikufuna ndiifikitse pamene inali, ndikutumizire kaseti ili ndi maola ako.

Bambo anandipeza tsiku lachiwiri. Anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati ndayamba kubweza. Ndinati inde, ndipo ndikufuna kukuuza. Anati ndisayerekeze, zinatha kalekale. Anati mwana uja ankafunika munthu woti amukwiyire, ndipo pa ife awiri wa msana waukulu anali iwo. Ndawamvera zaka 19, lero ndawaphwanyira lamulo.

Nyimbo yakale ikamalira pabalaza amatembenuza mutu. Milomo amaisongola, koma sipatuluka kanthu. Chichokere iwe sanaimbenso. Ndi yankho limene sindinakupatse bwino pa 3 Malichi, ndinangoti nthawi zina. Ndinanama.

Tsopano mafunso anga ndi awa, ndipo usandizungulire.

Ndiwe kapena si iwe? Ngati si iwe, undiseke, unene kuti mchemwali wako wakalamba, akumva bambo m'zinthu zonse. Ndidzalandira.

Ngati ndiwe, unauyika mluzu uja chifukwa cha mkwiyo kapena chifukwa cha kuwasowa? Ndaumvetsera ka 9 pa foni ya Anamwino. Tsiku lina umamveka ngati chipongwe. Tsiku lina ndimaona kuti munthu sangasunge kapumidwe ka mnzake zaka zonsezi ngati akungomuda. Sindikutha kusankha, ndipo ndatopa ndi kukukayikira.

Nanga kumapeto kumachitika chiyani? Pa anthu onse a kwa Wamawaya, amene wafika patali ndi Anamwino, ali pa maola 38, ndipo bambo uja sanaonekenso. Dalaivala akuti sadzaonekanso. Aphunzitsi akuti adzaoneka koma tidzalipira. Ngati mnyamata uja amabwerera kwawo, ndiuze, kuti Loweruka ndikhale ndi chowauza bambo.

Koma chimene ndikupempha kwenikweni ndi ichi. Kalatayi ndiijambula ndi foni, uilandira lero lomwe. Uli ndi masiku asanu, Lolemba mpaka Lachisanu. Uwaimbire. Foni yawo imakhala m'thumba la malaya, ndipo amaimva bwino pakati pa 7 ndi 8 m'mawa, asanayatse wailesi. Asamve mluzu wawo koyamba pa sipika ya eni, pakati pa anthu amene akuutukwana. Aumve kwa iwe, kaya ndi mkwiyo, kaya ndi china. Mkwiyo ukatsala, ubweretse kwa ine, ndi wanga.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze kuti diresi lija ndikudikirabe miyezo. Mwana umupsompsone pachipumi, umuuze kuti azakhali ake akulimbana ndi chule. Mulungu akusungeni nonse, akupatse tulo ndi mtima woleza powerenga izi.

Ndine mchemwali wako,
Telala

Ndinafufuta maola 71 ndi mphindi 40. Kufika dzulo ndabweza maola 6 ndi mphindi 55. Atsala maola 64 ndi mphindi 45.