Chipepeso pa Imfa ya Che Sufiyani Akimu, Mlembi wa Pulogalamu ya Tcheru

Kwa mayi Sharifa ndi ana, kwa Che Ahmed ndi abale onse a ku Ulongwe, ndiponso kwa alimi a m'masikimu a ulimi wothirira m'maboma a Balaka ndi Machinga.

Ife a bungwe la Maso pa Madzi, anthu odzipereka amene timalemba ndi kusamalira pulogalamu ya Tcheru, tadzidzimuka ndipo tasweka mtima ndi imfa ya mnzathu ndi mtsogoleri wa ntchito yathu, Che Sufiyani Akimu, amene atisiya atangodwala masiku ochepa. Monga mwa chipembedzo chawo, adaikidwa m'manda tsiku lomwelo, kotero kuti ambiri a ife, ochokera ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, tidafika anthu akubwerera kale kuchokera kumanda. Sitidathire ngakhale dothi, ndipo zimenezi zikutiwawa mpaka lero.

Kwa amene simukuidziwa, Tcheru ndi pulogalamu ya m'kakompyuta kamene timatsekera m'kabokosi pambali pa pampu ya sola. Ntchito yake ndi ulonda: batire ikafooka, pampu ikatentha, madzi akaleka kukwera, imatumiza meseji pafoni kuti munthu athamangireko mbewu zisanafote. Che Sufiyani ndiwo adailemba koyamba m'njala ya 2016, ali m'kashopu kawo kokonzera mafoni pa Ulongwe, ndipo adakana kwamtuwagalu kuigulitsa, m'malo mwake adaiika poyera pa intaneti kuti aliyense aiwerenge, aikonze, aitenge kwaulere. Kuchokera pamenepo mitundu yake yatsopano yakhala ikutuluka chaka ndi chaka: wina udaiphunzitsa kulemba m'Chichewa ndi m'Chiyao, wina udaithandiza kusunga meseji netiweki ikathawa, ndipo wa chaka chatha umadziwa kuti matope a mu Shire atseka paipi. Tisabise, malemu anali munthu wovuta pa ntchito. Ukawatumizira zimene wavutika nazo sabata yathunthu, ankakubwezera ndi mawu awiri okha, "Yambaninso, achimwene," iwe n'kutsala ukukukuta mano. Koma palibe mtundu wa Tcheru umene udadutsa m'manja mwawo n'kukachititsa manyazi kumunda.

Pali nkhani imene sitingailumphe, pakuti ikukhudza inu mayi Sharifa kuposa wina aliyense. Malemu adalemba nambala ya foni yawo m'kati mwenimweni mwa pulogalamuyi, kuti pampu iliyonse ikadwala izidandaulira iwo okha. Tidakangana nawo pa chimenechi nthawi iliyonse tikamatulutsa mtundu watsopano, koma yankho linali limodzimodzi: "Inu muli m'maofesi kutauni, meseji ikakupezani mumsonkhano mudzatani nayo? Ine ndili pafupi, ndipo njinga ndili nayo." Lero njingayo yatsamira khoma, koma mapampu sadamve za maliro. Akutumizabe madandaulo awo ku foni ija, m'mawu amene malemu adawalembera okha, ndipo foniyo ili m'chipinda chimene inu mwabindikiramo pa edda, nthawi imene mkazi wamasiye satuluka pakhomo.

Ine ndi a Hudson, katswiri wathu amene watsala m'dera lino, tidabwera kudzapempha foniyo. Che Ahmed, amalume a malemu, adatilandira ndi ulemu wonse, koma adatiuza kuti katundu wa womwalira sasuntha isanachitike arubaini, sadaka ya masiku makumi anayi. A Hudson adachonderera kuti titengeko kakhadi ka m'kati kokha. "Iyayi, bambo," adatero Che Ahmed. "Mukayamba inu ndi kakhadi, mawa wina abwera kudzakoka njinga, mkuja wina malata. Ana awa ndiwateteza bwanji?" Akuluwo ankanena zoona.

Tidabwerera n'kukonza mtundu watsopano wa Tcheru umene uzitumiza meseji kwa anthu angapo, ndipo wapsa, ukungodikira. Koma timabokosi tija sitilandira kanthu kuchokera kutali. Malemu adapanga timabokosito dala chomwecho kuti pasapezeke munthu wa mtima woipa wozimitsa madzi ali kwawo. Pafunika kufika pa kabokosi kalikonse, kuzimitsa pampu kwa theka la tsiku, kenaka kuiyesa. Titakafotokoza zimenezi ku Utale, alimi adatitsekera chipata. Mvula ya chaka chino idawathawa, m'nkhokwe mulibe kanthu, ana akugonera mango owiritsa, ndipo chimanga cha m'sikimu, chimene aikapo mtima wawo wonse, changoyamba kumasula pa dzuwa la Okutobala lino. Mayi wina adatifunsa kuti, "Mukaizimitsa n'kukana kudzuka, ana anga muwatenga inuyo?" Ifenso sitingalumbire kuti pampu yokalamba ikazimitsidwa idzukadi.

Ndiye tili pakati, kutsogolo kulibe njira, kumbuyonso kulibe. Foni singatuluke m'nyumba, pulogalamu singalowe m'mabokosi, ndipo amene wasenza zonsezi ndi munthu woyenera kusiyidwa kuti alire mumtendere. Tikudziwa, mayi Sharifa, kuti kuyambira tsiku la maliro meseji iliyonse mwakhala mukuipatsira kwa a Hudson popanda wokutumani, ndipo Lachiwiri lapitali pampu ya ku Nsamala idapulumuka chifukwa cha inu. Sindidzaiwala zimene mudatiuza muli kuseri kwa chitseko tsiku lija tidadzapempha foni: "Ikalira, mtima umati ndi iwowo akundiitana. Ndikayang'ana, mawu ndi awo ndithu, koma akufunsa za madzi." Ine ndakhala pa mpando uno zaka zambiri, ndalemba makalata a chipepeso ambirimbiri, koma tsiku limenelo ndidalira ngati mwana pakhonde la eni ake.

M'malo mwa mamembala onse a Maso pa Madzi, a kuno kwathu ndi a kunja amene sadaonepo nkhope ya malemu koma adaphunzira pa ntchito yawo, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu, kwa ana, kwa Che Ahmed ndi kwa Asilamu anzawo a pa mzikiti wa kwawo. Mulungu wachifundo awakhululukire zolakwa zawo, awalandire pamalo abwino, ndipo inu otsala akupatseni mphamvu zoposa zimene ife tingakufunireni.

Kalata ya chipepeso imayenera kubwera ndi chitonthozo chokha, koma yathuyi, ndi manyazi aakulu, yabwera ndi pempho. Chimanga cha ku Utale chikangokhwima tidzayenda pampu ndi pampu kufufuta nambala ija, ndipo tsiku limenelo foni idzakhala chete. Kufikira pamenepo, mayi, ngakhale ikukubayani mtima nthawi iliyonse ikalira, chonde musaizimitse.

Ine wanu wolira nanu pamodzi,

Blasius Kachingwe
Wapampando, Maso pa Madzi
Balaka, Okutobala 2024