Nyenyezi Zisanu za ku Bundabunda

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Ine kuno mtima suli m'malo. Nikulemba mofulumira mwana akali m'tulo, mukhululuke ngati malembo apotoka.

Niyambe na zabwino. Chimanga cha m'munda wanu tinakolola, nkhokwe inadzaza. Mkazi wa achimwene Yosefe anabala mapasa, onse aakazi. Mphatso wanga, amene munamusiya ali m'mimba, manje akukwawa. Iye ndiye nkhani yanga lero.

Ku kiliniki anatiikira apu m'mafoni, yotumizira uthenga kwa ba nesi mwana akadwala kuti abwere na honda, njinga yamoto ija. Sabata yatha masana Mphatso anatentha thupi, anayamba kugwedezeka, maso kutembenuka. Atate ake anali ku Silverest kumanga nyumba za anthu. Ninatsegula apu. Amayi, kampira ka pa foni kanangozungulira, kuzungulira, mwana akuuma m'manja mwanga. Pamapeto panatuluka nyenyezi zisanu na mawu achizungu. Ine ninaganiza kuti akufunsa kukula kwa matenda. Ninadina zonse zisanu. Ninadikira honda, honda osabwera. Ndiye ninakumbukira mmene munali kunenera, kuti mwana akatentha osakhala pansi, bereka uyende. Ninayenda na miyendo mpaka ku kiliniki. Anati ni malungo, nikanachedwa pang'ono tikanakamba zina.

Dzulo kunabwera opanga apu aja, atatu, pa galimoto yoyera. Mkulu wao anaimirira akuseka, ati azimayi a ku Bundabunda tidziombere m'manja, m'Chongwe monse ndife okhutira kwambiri, nyenyezi zisanu zokhazokha, kuno kulibe chokonza. Amayi! Kodi nyenyezi zija zinali kufunsa ngati takondwa na apu! Ine, amake Rute, amake Gift, tonse tinali kudina zisanu kukuwa kuti mwana akufa, iwo ku Lusaka akuwerenga kuti tikuwathokoza.

Munali kunena kuti ine nimameza mawu nikaona anthu ovala bwino. Dzulo sininameze. Ninaimirira Mphatso ali kumbuyo, ninati tsegulani pa foni yanga iyi yosweka galasi, osati pa yanu. Mtsikana wina wa gulu lao anaitenga, anailumikiza na chingwe ku laputopu yake. Ali na chida choyezera apu, monga ba nesi ayezera mwana pa sikelo, chimaonetsa pamene apu ikuchedwera. Panatuluka mizere, umodzi wofiira, wautali. Mtsikanayo anauloza, ananifotokozera.

Mudziwa chimene chinali kuchedwetsa? Chithunzi. Chithunzi chachikulu cha mzimayi wonenepa akumwetulira na mwana wake, ndipo chifunika chituluke chonse uthenga usanapite. Foni yanga na netiweki ya kuno sizikwanitsa. Iwo anayesera pa mafoni ao atsopano m'tauni, basi. Chida choyezera chija anali nacho kuyambira kale, koma palibe anaganiza zobwera nacho kuno kumene ana adwalira. Mwana wanga akanakupezani kumeneko chifukwa cha chithunzi!

Mtsikanayo anapepesa, ati achotsa chithunzicho ndipo funso lija alilemba m'Chinyanja. Ninafunsa kuti liti. Mkulu uja anayankha kuti ayamba akonza kumene anthu akudandaula, chifukwa kuno nyenyezi zikuonetsabe kuti ndife okondwa. Akuniona nikulira pamaso pake, koma akukhulupirira nyenyezi. Mvula yayandikira, Amayi. Udzudzu udzachuluka, mtsinje wa pa njira ya ku kiliniki udzasefukira, na mwana kumbuyo sinidzaoloka. Honda ili na njira ina yozungulira, koma ibwera pokhapo uthenga wafika. Ichi ndiye chikuniopsa.

Ndiye lero ninayamba. Ku chitsime ninaonetsa azimayi onse amene ninapeza kuti adine nyenyezi imodzi chabe. Amake Rute anakana, ati imodzi ni mwano kwa alendo. Ninati mwano ni bokosi laling'ono la maliro. Anadina. Pa Sondo nikakamba ku tchalitchi tikatuluka m'mapemphero.

Mphatso akutsokomolabe koma akuyamwa. Nidziwa mufuna kumuona, koma musamuitane, Amayi, akali wanga. Nikulonjezani kuti mvula isanagwe nidzafika pa khomo lililonse la mbali ino ya mtsinje, foni na foni, mpaka abwere akonze.

Nikukondani monga kale,
mwana wanu Belita