Chithunzi cha Chiuno cha Amama

Lusaka, 14 Ogasiti 1996

Mlongo wanga Vainess,

Muli bwanji nonse ku Chikwa? Nanga amama, ululu ukuwalola kugona chigwereni pachitsime paja? Ine ndilipo, kungoti fumbi la Lusaka landipatsa chifuwa.

Chithunzi cha ekisire cha chiuno chawo chafika dzulo ndi a Robson a lole. Envulopu inkanunkhira utsi wa m'nyumba mwathu, moti ndinakhala nayo kaye m'manja osatsegula. Koma iwe Vainess, anakuuza ndani kuti uchipinde panayi ngati kalata? Mzere wopindawo wadutsa pafupa lenilenilo. Ndinachiunika pawindo mpaka maso kuwawa, osadziwa ngati ndikuona fupa lothyoka kapena ntchito ya manja ako.

Ndinapita nacho kwa Donald, uja ndinkamuthandiza maphunziro athu a udokotala ku yunivesite ndisanasiye m'chaka chachitatu. Manje ndi dokotala, ali ndi galimoto ndi mimba. Anandikhazika pabenchi ola lathunthu, kenako anafunsa ngati ndikugulitsabe mankhwala m'sitolo ya eni. Atachiika panyali anati fupa lathyokadi, pansi pang'ono pa mzere wako.

Pempho langa ndi limodzi. Amama asapondenso pansi, ngakhale popita kuchimbudzi. Musawakweze panjinga. Muwagoneke pachitseko, mubwerere nawo kuchipatala, mukapereke kapepala ka Donald kali m'katimu.

Donald anaonanso fupa lina lomwe linathyoka kalekale n'kudzilumikiza lokha mokhota. Anandifunsa za ilo. Ukukumbuka chaka chija amama ankandiperekeza kusekondale ku Chama, bokosi langa lachitsulo lili pamutu pawo? Mpunga unali wobiriwira m'madambo monse, iwo akuyimba nyimbo zakutchalitchi njira yonse. Pokwera gombe la mtsinje anaterereka n'kugwera pamwala. Anadzuka akuseka, anati palibe kanthu, ine nditsogole basi ndingachedwe. Anasenzanso bokosi lija mpaka kuboma. Ine ndinawakhulupirira kwa zaka khumi ndi zinayi.

Ndiye akakuuza kuti palibe kanthu, usawamvere.

Undiperekere moni kwa amalume, alamu, ndi ana onse. Amama uwauze kuti ndimawakumbuka tsiku lililonse. Akafunsa amene wawerenga chithunzicho, usawanamize. Uwauze kuti ndi mwana wa munthu wina.

Ndine mlongo wako,
Bornwell