Tsamba Lachitatu Lasowa

Chelstone, Lusaka
9 Juni 1998

Achemwali a Kuluthumu,

Salamu aleikum. Ife tili bwino, kungoti kwazizira. Mwana wanu Zainabu mimba yakwana miyezi isanu ndi iwiri, ndipo sikelo akupangira pakiliniki pathu pomwe.

Poti inu mumaphunzitsa azamba ku Zombako, mundithandize. Kwabwera bambo wina wa ku Kabulonga, kuno ku Lusaka, ndi mapiritsi ofulumizitsa kubereka. Ba Sister, mkulu wathu, anatigawira pepala la kafukufuku wa mapiritsiwo. Ine zatsopano sindikana, ndimawerenga chilichonse. Koma pepalali likuchoka pa tsamba lachiwiri n'kulumphira lachinayi. Nditawafunsa Ba Sister anati, "Makina okopera analumpha, iwe uzingotsatira." Ndinapempha kuona pepala lenileni limene anakoperalo. M'mawa mwake anandichotsa kochiritsa amayi, pano ndikulemba makhadi pakhomo.

Ngati kafukufukuyu alimodi m'mabuku anu, nditumizireni tsamba lachitatulo. Mulembe keyala ya kumzikiti, osati ya kukiliniki.

Musade nkhawa. Kungoti dzulo ndinasuzumira mndandanda wa amayi odzayamba kulandira mapiritsiwo, ndipo dzina lina silinali lachilendo. Ngati mungathe kubwera Ogasiti asanafike, bwerani.

Ndine msuweni wanu,
Shamsiya