Amene Ankayendetsa Njinga ya Melbin

Lachisanu, 31 Malichi

Amayi ayambanso. "Dijo, Pasaka wayandikira. Ukalapa liti? Anthu akuona kuti sukulandira." Anthu, anthu. Kuno ku Pala ukangophonya Ukaristia kawiri, parishi yonse yawerenga kale. Ndawauza kuti mwendo ukupwetekabe, sindingagwade. Bodza. Mwendo unapola mu Febuluwale.

Pa Njira ya Mtanda ndinabisala kumbuyo, koma amake a mnzanga Melbin anandipezabe. Kundigwira tsaya. "Wawonda, mwanawe. Ubwere mawa, ndiphika chinangwa." Chiwafereni mwana wawo, amadyetsa ine.

Loweruka, 1 Epulo

Ndapita. Ndadya. M'mbale ya M.

Lamulungu, 2 Epulo

La Kanjedza. Misa itatha ndinadutsa pa kantini ya tiyi. A Kuriachan, bambo ake a M., anali pomwepo ndi anzawo a kumunda wa mphira. Wina anawafunsa ngati apemphera Misa ya malemu Pasaka ikatha. Iwo: "Musanditchulire chidakwa chimenecho. Chinadzipha chokha, n'kutsala pang'ono kupha mwana wa eni ake." Kenako anandiona. Anaimirira, kapu ili m'manja. "Pepa, mwana wanga. Anakulakwira mnzako uja."

Kupepesa ine. Ine!

Ndilembe kamodzi kokha. Pa 20 Januwale, chikondwerero cha Sebastiano Woyera, masanasana. Tinamwa mowa wa kokonati tonse awiri. Njinga yamoto inali ya M., koma ndinamulanda makiyi. Ndinati iwe umayendetsa ngati sisitere. Anaseka, n'kukhala kumbuyo, akuimba. Pokhota kukalowa pa mlatho sindinachepetse liwiro. Anthu pofika anatipeza tonse tili m'ngalande. Kuchipatala wapolisi anafunsa kuti amayendetsa ndani. Ndinati Melbin. Wakufa satsutsa.

Lachiwiri, 4 Epulo

Tsiku la kulapa la achinyamata. Ansembe alendo asanu ndi mmodzi, mizere mpaka panja. Amayi anandiperekeza mpaka pachipata ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Anju, mlongo wanga, anandinong'oneza: "Ima pamzere wa Bambo Varkey. Ndi nkhalamba, samva. Amangopereka Tikuoneni Mariya atatu, wathana nazo."

Samva ati!

Ndinayamba ndi tating'onoting'ono. Kutukwana, za pafoni zija, kujomba Misa. Iwo: "Basi?" Sindikudziwa chinandigwira. Zinangotuluka zonse, mowa, makiyi, mlatho, wapolisi. Nditamaliza ndinkangomva fungo la mankhwala awo opaka m'mawondo.

"Makolo ake akudziwa zotani?"

"Kuti anali iye, Abambo."

"Ngozi ija waililira kale, ndikukumva m'mawu. Koma bodzali ukulinenabe tsiku lililonse ukadzuka." Anatsokomola. "Pakamwa panga sipadzatuluka kanthu mpaka ndidzafe. Sindikukakamiza. Mulungu wakukhululukira, mwana wanga. Koma mbiri ya mnzakoyo waisunga iwe, ndipo si yako."

Anandidalitsa. Malipiro: salimo limodzi. Panja anzanga akujambulana zithunzi, Anju akuti wapepukidwa ngati thonje. Ine ndinapita kuseri kwa holo kukasanza.

Lachitatu, 5 Epulo

Akuti kulapa kumachiritsa. Chilonda changa chinali chitaphimbika bwinobwino, wina wangochikanda n'kukwera basi kubwerera kwawo. Kulankhula n'kosavuta ukakhala ndi zaka makumi asanu ndi atatu. Kalata yanga ya ntchito ya ku Qatar ili m'kabati, ulendo ndi wa mu Meyi. Apolisi akangotsegulanso nkhaniyi, ulendo wathera pomwepo. Mwinanso ndende.

Ndakhululukidwa kale, si choncho? Ananena okha. Nanga bwanji mpunga sukutsika?

Lachinayi Loyera, 6 Epulo

Nyumba yomwe yagwa maliro siphika mkate wa Pasaka chaka chimenecho, imalandira kwa anansi. Amayi anakulunga wina m'tsamba la nthochi. "Kapereke kwa a Kuriachan dzuwa lisanalowe." Ndinati atume Anju. "Mnzake wa Melbin anali Anju?"

Ndinapita ndisanaganize zonena chilichonse. Ndikulumbira.

A Kuriachan anali pakhonde akunola mpeni wawo wochekera mitengo ya mphira. Amake M. anatuluka akupukuta m'manja. "Wabwera nawo wekha! Usabwerere msanga, udye nafe. Chaka chatha munalimbirana chidutswa chachikulu, ukukumbukira?"

Ndinangoima, mkate uli m'manja, ukadali wofunda.

"Mayi, amayendetsa si Melbin. Ndinali ine."

Anamwetulirabe, sanamvetse. Ndinabwereza. Ndinanena za makiyi, kuti ndinachita kumulanda, kuti anali kumbuyo. Mpeni unasiya kulira pamwala.

Amake M. anafunsa funso limodzi lokha. "Miyezi yonseyi umadya m'nyumba muno ukudziwa?"

"Inde, mayi."

Analowa m'nyumba. Sanakuwe, sanamenyetse chitseko. A Kuriachan anayang'ana mpeniwo nthawi yaitali. "Ndiye kuti ine ndakhala ndikutukwana mwana wanga pagulu, ndikumutcha..." Sanamalize. "Ika mkatewo apo. Choka."

Lachisanu Loyera, 7 Epulo

Kunyumba adziwa. Amake M. anaimbira foni Amayi mamawa. Bola akanandimenya. Amayi akungozungulira m'khitchini: "Ukanazisiya kwa ansembe! Kulapa kuja sikunakwane? Watithera, Dijo, watithera!" Omwe aja ankandikankhira kokalapa. Bambo atuluka osamwa khofi. Anju wandisiyira kapu pakhomo la chipinda, osagogoda.

Kutchalitchi nkhani inafika ine ndisanafike. Anthu anadzaza mpaka m'mazenera, koma pambali panga panali malo okwana anthu atatu. Popsompsona mtanda ndinali kumbuyo kwa amake M. Atatembenuka anandiyang'ana ngati akuyang'ana khoma.

Uku ndiye kuchira kwake? Zikomo, Bambo Varkey. Zikomo kwambiri.

Chodabwitsa n'chakuti ndadya. Phala la mpunga mbale ziwiri. Mwina ndine nyama basi.

Loweruka, 8 Epulo

A Kuriachan afika m'mawa, atavala nsalu yawo yoyera ya kutchalitchi. Akana kulowa. Akana mpando. Anaima pageti n'kuitana, osatchula dzina langa.

"Iwe. Vala malaya. Tikupita kupolisi, ukachotse dzina la mwana wanga papepala lija."

Amayi anathamanga kukawagwira mkono. "Achimwene, ndi mwana, chonde, ali ndi ulendo..."

"Wanganso anali mwana, achemwali."

Ndinati ndikubwera. Mawu anatuluka bwinobwino, mpaka ndinadabwa. Anandiyang'ana koyamba chichokere Lachinayi. Maso ofiira, ndevu zosameta.

"Tidzera kumanda kaye. Chimuikireni sindinapondeko. Ukamuuze wekha zimene unachita, ine ndikumva. Ukamaliza ukaime patali. Nanenso ndili naye mawu."

Ndapempha mphindi zisanu kuti ndilembe izi. Zatha.