Chibuma cha a Martin

Lachinayi, Januwale. Mzinda wa South Bend, kunja kuno, wayera mbee ndi sinoo, ine tsiku lonse mutu uli kwina.

M'mawa a Martin, nkhalamba ya ku Ireland imene ndimaisamala kunyumba ya okalamba, anakana kupita kukadya. Anzanga anangoti ndi matenda oiwala aja. Nditawafunsa, anandinong'oneza kuti, "Ndilibe chibuma, aphunzitsi akandikhazika kukhomo."

Anandiuzapo kale kuti kumudzi kwawo sukulu ya parishi inali ya chipinda chimodzi, ndipo mwana aliyense ankabwera ndi chibuma cha dothi lakuda louma, limene limayaka ngati makala. Wopanda chibuma ankakhala kutali ndi moto. Akuti makolo awo akalekale ndiye ankaphunzirira kuseri kwa zitsamba, mobisala, poti sukulu zawo zinali zoletsedwa.

Nanga ine sindinkasenza nkhuni za phala ku Ntcheu? Tsiku lina ndinabwerera pageti pa sukulu ndikulira chifukwa ndinalibe ngakhale kamtengo. Ndiye m'mawa muja ndinatola kathabwa kamene timagwiriziza nako chitseko n'kuwapatsa a Martin ngati chibuma. Anakapanira m'khwapa, basi tinanyamuka. M'khonde monse ankatchula mayina a minda imene amati tikudutsa, ine ndikuona chifunga cha kwathu, mame kumapazi. Tinali ana awiri ochedwa kusukulu.

Loweruka mwana wawo akuwasamutsira ku Indianapolis. Pafomu yowasamutsira pali malo olembapo mankhwala ndi zakudya basi. Kathabwa kaja ndakaika m'sutikesi, pansi pa majuzi. Koma akakayamba kukana kudya kumeneko, ndani akadziwe kuti...