Liwu la m'buku la bambo si poizoni

Okondedwa achimwene a Luckson,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Thambaniko. Nanga bambo akupeza bwanji? Ine kuno ku Joni thupi lili bwino, mtima ndiwo sukukhazikika. Pa foni mumandidula ndisanamalize, n'chifukwa chake ndalemba. Kalatayi ndawapatsira a Stafford a thiraki kuti akusiyireni pa boda.

Chithunzi cha buku la kuchipatala la bambo chija ndachiona. Mukuti poti liwu lomwe adokotala analembamo palibe akulidziwa, ndiye kuti akubisa za poizoni, ndipo akazi anu a Iness, amene amawaphikira, azipita kwawo. Achimwene, ndakwiya. Udokotalawo munauphunzira liti?

Chithunzicho ndinawaonetsa mayi a pa famase, sitolo ya mankhwala pomwe ndimakolopa. Liwulo ndi dyspepsia. Akuti Angerezi analitenga kwa Agiriki, mbali yoyamba ikutanthauza kuvuta, yachiwiri kugaya chakudya. Kungoti m'mimba simukugaya bwino: chilungulira, kugeyageya, kukhuta msanga. Adokotala amalemba choncho akamva dandaulo la wodwala asanapeze gwero lake. Za poizoni mulibemo.

Kenako anandifunsa ngati bambo amamwa mankhwala opha ululu. Ndinachita manyazi. Tonse tikudziwa kuti akamapita kokathyola manachesi amameza mapilitsi awiri a msana m'mimba mulibe kanthu, chilungulira chikawagwira n'kunyambita soda wa therere. Akuti mapilitsi amenewo amakanda m'mimba. Ena mwa iwo ndinatumiza ndine.

Chikundisowetsa mtendere n'chakuti mayiwo atamva kuti bambo adutsa zaka 68 ndipo akuonda, anasiya kumwetulira. Anati munthu wotere asangokhala ndi liwulo m'buku, akaunikidwe msanga.

Pempho langa ndi limodzi. Mapilitsiwo muwalande, ndipo sabata ino mupite nawo bambowo kuchipatala cha pa boma. Mukamakhalira kuzenga mlandu wa alamu anga, masiku akutherawo ndi a bambo.

Moni kwa azakhali, amalume ndi ana onse. A Iness muwapepese pamaso pa anthu omwewo munawanenera. Muwauze kuti mu Disembala ndidzadya zophika iwo, mbale imodzi ndi bambo. Ndikadzapeza atapita kwawo, inenso pakhomopo sindidzagona.

Ndine mlongo wanu,
Maureen